Kalata Yovekedwa Maluwa

Pepala la mayeso linapulumuka m'manja mwa Madamu Gomati n'kugwera pafumbi. Pabitra analitola msangamsanga n'kuligunditsa pamphumi, monga amachitira mwana aliyense woleredwa bwino pepala lolembedwa likakhudza dothi. Atalitembenuza ndi pamene anaona kuti wapepesa chinthu chomwe chamuchititsa manyazi. Inki yofiira inali mbwee, ngati wina waphera nkhuku pamenepo.

Mafunso oyambirira anakhoza onse. Ndani anakwera phiri, anakwera liti, anachokera dziko liti: zoterezi umangosaka ndi maso n'kukopera. Koma pa mafunso awiri omaliza, amene anali ndi malikisi ambiri, Madamu anangojambulapo mazira awiri akuluakulu.

"Pabitra Khadka, khala chiimire," anatero Madamu, akukweza mawu kuti apose mvula imene inkamenya malata. "Tiwerengere nkhani ija. Enanu tsekani pakamwa, nanunso mwalemba zamanyazi zomwezi."

Nkhaniyo inali ya mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja amene anakwera phiri lalitali. Wolembayo anamutchula ngwazi. Anati anafika pansonga atanyamula kamera yake ndi manja akeake, ndipo manyuzipepala onse analemba dzina lake. Chiganizo chomaliza chinali chakuti: "Hema wake, mbaula yake, mpando wake ndi zitini zake za chakudya anazipeza zikumudikira pamwambapo, tiyi atawira kale."

"Funso likuti, ndani ananyamula katundu wa mlendoyo? Iwe wayankha chiyani?"

"Ndalemba kuti nkhaniyi sinanene, Madamu."

"Sinanene! Ndiye mpandowo unakwera wokha, poti uli ndi miyendo inayi?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Pabitra anangoyang'ana zala zake zakumapazi.

"Amalume ako amagwira ntchito yanji?"

"Amanyamula katundu wa alendo."

"Pamphumi pawo, pamene pamadutsa lamba wa dengu, tsitsi lilipo?"

"Linatha, Madamu."

"Nanga bwanji polowa m'mayeso amalume akowo wawasiya pakhomo pamodzi ndi ambulera? Tamverani nonsenu. Funso likafunsa chimene nkhani sinatchule, chala chimodzi chiike papepala, pamawu enieniwo. Chala china chiike pa zimene ukudziwa kale za dziko lino. Pamene zala ziwirizo zakumana, yankho lili pamenepo. Funso lomaliza. Wolembayu akumuona bwanji mlendoyo?"

"Ndalemba kuti akumutamanda, poti wamutchula ngwazi."

"Apongozi akamuuza mkazi wa mwana wawo kuti, 'Ha, mwalawiratu lero,' dzuwa lili pamutu, ndiye kuti akumutamanda?"

"Ayi, Madamu. Koma izi n'zosindikizidwa."

"Ndiye?"

"Munthu angasindikize zimene sizili mumtima mwake?"

Palibe amene anaseka, chifukwa onse ankaganiza chimodzimodzi. Madamu anamuyang'ana, choko chili m'manja.

"Pepala timaligunditsa pamphumi polemekeza maphunziro, osati polemekeza amene walilemba," anatero motsitsa. "Wolemba ndi munthu. Ali ndi mimba, ali ndi mantha, ali ndi chimene akufuna kwa iwe." Anatembenukira kubolodi n'kulemba mafunso atatu. Akulemba ndani? Akufuna kuti ndikamaliza kuwerenga ndikhulupirire chiyani? Wasiya chiyani osachitchula?

Pabitra anakopera mafunsowo m'kope mwake mwaukhondo, monga ankakoperera chilichonse.

Njira ya kwawo inkadutsa pansi pa chilonda. Anthu ankapatchula choncho pamalo pamene phiri linagumuka zaka zitatu zapitazo, pamene kampani yokumba msewu inkalidula m'nyengo ya mvula. Aliyense woweta mbuzi amadziwa kuti phiri lonyowa silidulidwa, koma anthu a nsapato zoyera anali ndi tsiku lawo loti amalize. Ndipo phiri silikwirira a nsapato zoyera. Linakwirira amuna awiri a m'mudzimo: Netra Thapa, amene ankaboola miyala ndi makina, ndi Lok Bahadur Khadka, bambo ake a Pabitra.

Ntchito ya Lok Bahadur inali imodzi yokha. Ankaima pamwala n'kumayang'ana phiri, wezulo ili pakhosi. Timiyala tikayamba kugubuduka, aziliza wezulo kuti anthu athawe. Mudzi wonse unkadziwa kuti tsiku limenelo sanailize. Ena ankati anagona, ena ankati anadziyesa wochenjera kuposa phiri. Thupi lake analifukula patapita masiku awiri, koma wezulo sinapezeke.

Pabitra ankaimva. Mvula ikamagwa, iye akudutsa pansi pa chilondacho, ankaimva ikulira pamwamba penapake m'nkhungu, yopyapyala ngati kamwana ka mbalame. Ankadziwa kuti palibe amene akuiliza. Ankaganiza kuti ndi Buwa, monga ankawatchulira bambo akewo, akuyesa kuliza tsopano wezulo imene analephera kuiliza ali moyo. Ankatseka makutu ndi zikhatho n'kuthamanga, matope akumuthimbirira siketi.

Tsiku limenelo anathamanganso, mpaka pampopi wa m'mudzi. Pamenepo anapeza Tulasa, mkazi wa malemu Netra, akutsuka mtsuko wake wamkuwa ndi phulusa. Tulasa anali wowonda ngati chikwakwa chake, ndipo maso ake anali olowa m'kati ngati a munthu amene sagona.

"Taonani, mwana wa mlonda wogona," anatero osadzutsa mutu. "Ukuthawa chiyani? Kwanu simuthawatu inu. Mumakhala pomwepo, n'kukhalitsanso amuna a eni ake."

Amayi ena awiri amene anali pamzere anayang'ana kumbali.

"Loweruka likubwerali ukawerenge bwinobwino," Tulasa anapitiriza. "Mokweza. Chaka chatha pamzere wanga uja unameza mawu."

Loweruka linali tsiku la mwambo wokumbukira omwalira. Amuna awiriwo anafa tsiku limodzi, ndiye wansembe ankayambira kwa Tulasa m'mawa, kenako n'kubwera kwa a Khadka. Ndipo chaka chilichonse, anthu asanadye, Pabitra ankaimirira pakhonde n'kuwerenga kalata ya kampani.

Kalatayo inkakhala m'galasi, pambali pa chithunzi cha Buwa, pamwamba pa shelefu ya milungu. Inali yotayipidwa, ya chidindo chofiira, ndipo amayi ake, a Junmaya, ankaiveka nkhata ya maluwa achikasu ngati kuti nayonso ndi munthu wakufa. A Junmaya sankadziwa kuwerenga. Chomwe ankadziwa n'chakuti mabwana a ku boma analemba dzina la mwamuna wawo n'kumutchula wolimba mtima, ndipo palibe mkazi wina m'mudzimo amene mwamuna wake anatchulidwapo chotero papepala. Anthu akamanena zawo, iwo ankaloza galasilo. Ankafuna kuti iwerengedwe chaka chilichonse kuti mudzi umve. Tulasa nayenso ankabwera chaka chilichonse, osalowa m'bwalo, kungoima panjira kuseri kwa mpanda wamiyala kuti amve mzere wake, alavule, azipita. Kalata imodzi, amasiye awiri, aliyense akudya mbali yake.

"Wachedwa kuti?" anatero a Junmaya Pabitra atangolowa. Anali akupeta mpunga pakhomo. "Njati yathu ya m'khola ija sinadye, iwe uli kuyendayenda ngati mwana wa nduna. Tsitsa galasi lija ulipukute, lachita mwaye. Usaligwetse, ndingakusende khungu."

"Chabwino, Ama."

Analitsitsa n'kukhala nalo pakhonde, pamene kunali kuwala. Sankafunika kuiwerenga. Ankaidziwa pamtima kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo nthawi zina inkadziwerenga yokha m'mutu mwake akudula udzu.

"Kwa banja la malemu Lok Bahadur Khadka. Kampani yathu yasweka mtima ndi imfa ya wantchito wake wokhulupirika. Lok Bahadur anali wolimba mtima, wokonda ntchito kuposa moyo wake. M'mawa wa tsiku la ngoziyi akuluakulu athu anachenjeza antchito onse kuti achoke pamalopo, ndipo khumi ndi awiri anapulumuka. Koma Lok Bahadur, mwa kulimba mtima kwake, anasankha kukhalabe osaliza wezulo, ndipo mnzake Netra Thapa, pomukhulupirira, anakhala naye. Pepani kuti sitinafike pamaliro. Monga mukudziwa, mlatho wa kumunsi unakokoloka kutatsala masiku atatu kuti ngoziyi ichitike, lamya zinaduka, ndipo ine, kapitawo ndi akuluakulu onse tinatsekeredwa ku boma mpaka sabata itatha. Mzimu wake uuse mumtendere."

Pansi pake panali siginecha ya injiniya, yokhotakhota ngati njira ya nyongolotsi.

Pabitra anapukuta galasilo ndi kansalu, mzere ndi mzere. Atafika pa mawu akuti wolimba mtima, anamva mawu a Madamu ngati ali kumbuyo kwake: ha, mwalawiratu lero. Anasiya kupukuta. Akulemba ndani? Injiniya, amene analamula kuti phiri lidulidwe m'mvula. Akufuna kuti ndikhulupirire chiyani? Anawerenganso pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Mawu onse okoma ankatsetserekera malo amodzi, ngati madzi a padenga: anasankha kukhalabe.

Kenako chala chake chinaima pa akuluakulu athu anachenjeza. Anaika chala china m'munsi, pa akuluakulu onse tinatsekeredwa ku boma. Anayang'ana zala ziwirizo. Mlatho ankaudziwa. Ukakokoloka, mtsinje sawoloka ngakhale njati. Ku boma ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Lamya zinaduka.



"Wapenga kodi?" a Junmaya anakuwa. "Ukulibaya ndi zala galasilo, ukufuna lisweke?"

"Ayi, Ama."

Analibwezera pamalo pake. Buwa ake ankamuyang'ana kuchokera pachithunzi, chipewa chawo chitapendekeka pang'ono. Kwa zaka zitatu, pakamwa pamene pankawaweruza pamaso pa mudzi wonse panali pake.

M'mawa mwake, anzake atatuluka kukadya chimanga chokazinga, Pabitra anatsalira m'kalasi. Anali atalemba kalata yonse m'kope kuchokera pamtima. Anaiika patsogolo pa Madamu Gomati n'kuikapo zala zake ziwiri zija.

Madamu anawerenga. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anavula magalasi n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya shawelo.

"Chaka chatha ndinali pakhonde panu," anatero. "Ndinaimva ukuiwerenga. Ndinadya mpunga wanu n'kubwerera kwathu. Ine amene ndimaphunzitsa zimenezi."

"Ndiye kuti Buwa analiza wezulo, Madamu! Analiza! Ndikawauza onse Loweruka. Ndikamuuza Tulasa uja m'maso muli gwa kuti ndi wabodza, iye ndi injiniya wakeyo."

"Ika chala pamene palembedwa kuti analiza."

Pabitra anayendetsa chala pakopepo, pamwamba mpaka pansi. Panalibe.

"Koma ndikudziwa, Madamu."

"Ukufuna. Kufuna si kudziwa. Pa mayeso ana ambiri amagwera pamenepa. Akangoona kuti yankho silinalembedwe, amathamanga n'kulemba zamumtima mwawo. Ayi. Umayenda mpaka pamene chala chako chingakuchirikize, n'kuima. Tandiuza, pepalali lingakupatse chiyani?"

Pabitra anayang'ananso kopelo. "Amene analemba panalibepo."

"China?"

"Akuluakulu onse panalibepo, ndipo lamya zinaduka. Ndiye sakanachenjeza munthu m'mawa umenewo."

"China?"

"Ngati panalibepo, za wezulo sakanazidziwa. Wangolemba."

"Nanga akuwaona bwanji bambo ako?"

"Ngati dengu, Madamu. Loti aikemo katundu wake wina asenze."

"Basi. Imira pamenepo. Ukawonjezera zako, wasanduka mnzake wa amene analemba kalatayi, poti nayenso analemba zimene ankafuna kuti zikhale zoona."

"Nanga ngati Buwa anagonadi?"

"Mwina anagona. Pepalali silinganene. Ungapirire zimenezo?"

Pabitra anatseka kope lake n'kutuluka. Panjira ya kwawo wezulo inaliranso m'nkhungu, ndipo anathamanga kuposa masiku onse.

Loweruka kunacha kuli mitambo yolemera, koma mvula inadikira. Wansembe anafika kuchokera kwa Tulasa, dzuwa litakwera. Mng'ono wa malemu Lok Bahadur, atameta mutu n'kuvala nsalu yoyera, anaumba timibulu ta mpunga n'kuthira madzi monga wansembe ankamuuzira. Utsi wa lubani unkakwawa pansi osafuna kukwera. Anthu anakhala pamikeka m'bwalo, mbale zamasamba zili patsogolo pawo, mpunga ndi mphodza zikudikira m'miphika. Kuseri kwa mpanda wamiyala kunaima Tulasa, chikwakwa chili m'chiuno, dengu lopanda kanthu lili kumsana.

A Junmaya anatulutsa galasi lija, nkhata yatsopano ikulendewera, n'kuligunditsa pamphumi asanalipereke.

"Werenga. Ndipo uimirire mowongoka, usakhale ngati nkhuku yonyowa."

Pabitra anawerenga. Pa wolimba mtima, a Junmaya anayang'ana anthu mmodzimmodzi, chibwano chili m'mwamba. Pa anasankha kukhalabe, Tulasa anakonza kukhosi kuti alavule. Pabitra anafika kumapeto, koma sanakhale pansi.

"Ndili ndi funso," anatero. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Funso la chiyani pamwambo?" anatero a Junmaya. "Khala pansi, anthu adye."

"Ama, mlatho unakokoloka liti?"

"Si wawerenga wekha? Kutatsala masiku atatu."

"Ndi zoona," anatero mkulu wina wa pamkeka. "Mchere unatithera m'mudzi muno sabata imeneyo."

"Alipo amene anawoloka mtsinje masiku amenewo?"

"Awoloke ndani? Ndi mapiko?"

"Ndiye tamverani." Anawerenganso mizere iwiri ija, wina pambuyo pa unzake, pang'onopang'ono ngati akuwerengera ana a kalasi yoyamba. "Akuluakulu anachenjeza antchito m'mawa womwewo. Akuluakulu onse anali ku boma, lamya zitaduka. Anawachenjeza ali kuti?"

Khwangwala amene ankadikira mpunga padenga anasuntha miyendo, ndipo aliyense anamumva.

"Ukunena kuti kalata ya bambo ako ndi yabodza?" a Junmaya anafunsa. Nkhope yawo inali itada. "Ya chidindo? Sukulu imeneyi yakuphunzitsa kulavulira bambo ako?"

"Si ya Buwa, Ama. Ndi ya injiniya. Amene analemba kuti Buwa sanalize wezulo anali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa tsiku lathunthu. Sanaone, sanamve."

"Ndiye analiza?" wina anafunsa.

Apa ndi pamene lilime la Pabitra linayabwa. Maso onse anali pa iye, ndipo akanati eya, theka la anthuwo likanavomera. Anayang'ana galasilo, pamene panali chala chake.

"Sindikudziwa," anatero. "Kalatayi singandiuze. Chimene ikunena n'chakuti anthu khumi ndi awiri anathawa. Mabwana panalibe. Sindikudziwa kuti anathawa atamva chiyani."

Antchito khumi ndi awiriwo anali ochokera kutali, kuchigwa. Anabwerera kwawo mtsinje utangophwa, ndipo palibe amene anawafunsa kanthu. Munthu wosauka wochokera kutali safunsidwa, amangowerengedwa.

Kuseri kwa mpanda kunamveka phokoso. Linali dengu la Tulasa, litagwa pansi. Mayiyo anagwira miyala ya mpandawo ndi manja onse awiri ngati pansi pakugwedezeka.

"Katatu," anatero.

Anthu anatembenuka.

"Inalira katatu. Ndinali chapafupi, pamunda wa mawere, ndikudula udzu. Nkhungu inatseka, sindinaone kanthu. Koma ndinamva. Katatu mofupikitsa, kenako anthu akukuwa, akutsetsereka kumunsi. Kenako inalira motalika." Anapuma, mpweya ukumuvuta. "Sinatsike nawo. Inkakwera. Inkapita kumene kunkalira makina a Netra. Mwamuna wanga makina aja anamugonthetsa, ndinkachita kumukuwira kuti abwere adzadye. Wezulo inkapita kwa iye, ikulira, ikulira. Kenako phiri."



A Junmaya anatsika pakhonde. Anadutsa pakati pa mikeka, anaponda mbale yamasamba osaiona, mpaka anaima maso ndi maso ndi Tulasa, mpanda uli pakati pawo.

"Zaka zitatu," anatero. "Iwe mfiti iwe. Zaka zitatu wandilavulira pampopi. Mwana wanga wamutchula mwana wa wogona. Uli nazo m'makutu mwako zimenezi?"

"Kalata inabwera, Didi." Tulasa anawaitana monga munthu amaitanira achemwali ake aakulu, akulira tsopano, kulira kouma kopanda misozi. "Ya chidindo. Yochokera kwa anthu ophunzira. Inati sanalize. Ine ndine ndani? Dzina langa lomwe ndimadinda ndi chala. Ndinati mwina makutu anga ananama, mwina chisoni chandizunguza mutu. Koma imalirabe, Didi. Mvula ikangoyamba imalira. Zaka zitatu sindinagone tulo ta munthu."

"Ukanandiuza!"

"Ndikanada ndani? Kampani inapita ndi magalimoto ake. Phiri silimva. Inu munali pafupi."

A Junmaya anakweza dzanja. Anthu anadikira khofi, ndipo kunena zoona palibe amene akanawagwira. Dzanjalo linakhala m'mwamba. Kenako linatsika n'kugwira Tulasa padzanja, mwamphamvu, ngati akukoka mbuzi yokana khola.

"Lowa," anatero. "Zungulira ulowere pachipata ngati munthu. Ukhale apo udye. Ukatha kudya unenenso zonsezi, kuyambira poyamba, pang'onopang'ono. Ndikufuna ndimve pamene anakwera."

Anabwerera pakhonde n'kulanda galasi m'manja mwa Pabitra. Anachotsa nkhata ija n'kuidula pakati ndi mano. Theka anakoleka pachithunzi cha mwamuna wawo, theka anaponya pamiyendo pa Tulasa. "Kamuveke wako wogonthayo." Kenako anakanula kumbuyo kwa galasilo ndi chikhadabo, anasolola kalata ija n'kulunjika kumoto wa wansembe.

"Ama, ayi!"

"Ndaifukizira lubani zaka zitatu nyansi imeneyi. Ndaipatsa maluwa. Ipse!"

"Mukaiwotcha, mawa wina adzati tinangopeka. Bodza lake lili m'menemo, ndi siginecha yake pansi."

A Junmaya anaima. Anayang'ana pepalalo, timizere takuda timene sanathe kutiwerenga n'kamodzi komwe. Anatambasula zala, ndipo kalatayo inagwera pafumbi, pamaso pa wansembe ndi mudzi wonse. Palibe amene anathamangira kukaitola.

Pabitra ndiye anawerama. Dzanja lake linanyamuka lokha kulunjika pamphumi, monga linazolowera. Linafika pachibwano n'kuima. Anakutumula fumbi, anaipinda kanayi, n'kukaiika m'kope lake, patsamba la mafunso atatu aja.

Lamulungu, limene kwawoko ndi tsiku la sukulu, mvula inayambiranso Pabitra ali panjira yopita kusukuluko. Atafika pansi pa chilonda, nkhungu inali itatsika mpaka m'njira, ndipo wezulo inalira monga mwa masiku onse, yopyapyala, pamwamba penapake. Zikhatho zake zinayamba kukwera kumakutu. Anazibweza n'kugwira zingwe za chikwama. Anaima m'matopemo, madzi akutsika m'khosi mwa malaya, n'kumvetsera mpaka anamva bwinobwino kumene inkalowera.

Inkakwera.